ANTHU ATATU PA MPHAMBANO

Madzulo ano tibwerera m'mbuyo kukaona zimene zinacitika m'dziko lathu pakati pa caka ca 1885 ndi ca 1900, nthawi imene maiko a Azungu anali kugawana Afrika. Nkhaniyi ndi ya mafumu ndi nkhondo, komatu mutu wace uli m'nyumba ya munthu ali yense. Palibe munthu amene safika pa mphambano, pamene ayenera kutenga njira imodzi ndi kusiya inzace. Ena akafika pamenepo amaima nthawi yaitali, kuyembekeza kuti kapena njira yabwino idzadzionetsa yokha. Ena amangolowa njira imene mtima wao wakonda, osaceuka. Enanso amayamba afunsa apaulendo amene anapitako kale.

Macitidwe amenewa tiwaona mwa anthu atatu ochuka: Mpezeni mfumu ya Angoni, Nsingo mwana wace, ndi Lewanika mfumu ya Alozi. Onse atatu anakomana ndi funso limodzi, lakuti: Mzungu wafika pakhomoyu ticite naye ciani? Ali yense anayankha monga mwa mtima wace, ndipo ali yense analipira mtengo wa yankho lace.

MPEZENI, MUNTHU WODEKHA

Tiyambe ndi kum'mawa. Angoni anaoloka Zambezi pafupi ndi Zumbo m'mwezi wa November 1835, tsiku limene dzuwa linada usana, mtsogoleri wao ali Zwangendaba. Mpezeni anali kamwana pa nthawiyo. Atamwalira Zwangendaba kutali kumpoto, m'dziko la Afipa, ana ndi nduna anakangana za ufumu, ndipo mtundu unagawikana. Mpezeni anatenga gulu lace nabwerera kumwera, nakhala zaka zingapo pakati pa Ansenga, ndipo potsiriza anagonjetsa Acewa a Mkanda nakhazikika m'dziko la mapiri m'mene muli mzinda wa Cipata lero. Cuma ca Angoni cinali ng'ombe ndi anthu. Caka ndi caka magulu a nkhondo anaturuka nabwera nazo zoweta ndi anthu ogwidwa, ndipo ogwidwawo analowa m'midzi ya Angoni nasanduka Angoni. Tisabise kuti kwa Acewa ndi Ansenga ozungulira masiku amenewo anali owawa, pakuti ambiri a iwo anakhala m'malinga ndi pamwamba pa mapiri cifukwa ca mantha.

Mzungu amene anapeza malo mumtima wa Mpezeni anali Mjeremani dzina lace Carl Wiese, wamalonda a minyanga wocokera ku Tete, amene analinso kugwirira nchito Apwitikizi. Kudzera mwa iye mfumu inalandira nsaru, mfuti ndi wonga. Pamene Alfred Sharpe anafika m'caka ca 1890 kudzapempha cipangano m'dzina la Angerezi, Mpezeni anamlandira monga mlendo, koma cipangano anakana. Caka cotsatira, ca 1891, analola Wiese kufuna miyala ya mtengo m'dziko lace. Kwa mfumu cinthuci cinali ngati kubwereka bwenzi munda. Sanadziwa kuti pepala limayenda kumene mwini mau safika. M'caka comweco Angerezi ndi Apwitikizi anapangana malire, ndipo dziko la Mpezeni linagwera mbali ya Angerezi, eni ace osafunsidwa. Pepala la Wiese linagulitsidwa, ndipo m'caka ca 1895 ku London kunabadwa kampani yochedwa North Charterland, imene British South Africa Company ya Cecil Rhodes inaipatsa dziko lalikuru masikweya mailo 10,000. M'kati mwa dziko limenelo munali midzi, minda ndi mabusa a Angoni.

Mu 1896 anthu a kampaniyo anafika. Anayendayenda m'mitsinje kufuna golidi, namanga malinga, lina la iwo pafupi ndithu ndi midzi ya mfumu. Nanga Mpezeni anacita ciani? Sanawapitikitsa, ndiponso sanawabvomereza poyera kuti akhale eni dziko. Anadikira. Anali nkhalamba ya zaka zoyandikira 70, ndipo anali atamva zambiri. Anamva kuti Lobengula, mfumu ya Amandebele, amene nkhondo yace inaposa ya Angoni, anathyoledwa m'caka ca 1893 nafera m'thengo. Anamva kuti Gomani, mfumu ya Angoni anzao ku Nyasaland, anaphedwa ndi asilikari a Boma mu 1896. Munthu wakumva zotere sathamangira cishango. Makolo anati kuona maso a nkhono nkudekha, ndipo Mpezeni anayesa kuti akadekha alendowo adzatopa, pakuona kuti golidi palibe, nadzapita okha.

Nzeru imeneyi sitingaipeputse. Koma kudekha kuli ndi ngozi yace. Munthu wodikira amayesa kuti sanasankhe kanthu, pamene kudikira komweko ndiko kusankha. Masiku amene mfumu inali cete malinga a Azungu anali kukwera, ndipo mitima ya anyamata inali kutentha. Pamudzi pakasowa mau a mwini mudzi, wina amalankhula m'malo mwace.

NSINGO, MUNTHU WA MTIMA UMODZI

Wolankhulayo anali Nsingo, mwana wa mfumu, wolowa ufumu, amene magulu a nkhondo anamvera iye. Tiyenera kumvetsa cifukwa cace anyamata anamtsata. Mwa mwambo wa Angoni mnyamata anapeza dzina, ng'ombe ndi ulemu pa nkhondo. Tsono Azungu anatseka njira za nkhondo kum'mawa, ndipo anali kuyenda m'dziko monga eni ace, kupima mapiri ndi kukumba m'madambo. Nsingo anaona poyera cimene atate wace anazengereza kucichula, kuti alendowa sanadzere kuceza, ndi kuti caka ciri conse cidzawaonjezera mphamvu. Pa mau amenewa mbiri yamcitira umboni, pakuti zimene anaopa zinacitikadi.

Cimene sanayesa bwino ndi kulemera kwa mdani. M'mwezi wa December 1897 ankhondo ace anazinga Wiese ndi anzace m'linga lao. Mbiri itafika ku Nyasaland, Boma la kumeneko, limene linali kufuna kale cifukwa ca kuthyolera Angoni, linatumiza asilikari a ciAfrika pamodzi ndi Amwenye ochedwa Asikh, otsogozedwa ndi akapitao a Cingerezi, atanyamula mizinga ndi mfuti za ciwaya. Anafika m'mwezi wa January 1898. Angoni anadza monga mwa macitidwe a makolo ao, m'mizere, ndi zishango za zikopa ndi nthungo zobayira pafupi. Koma nthungo ifuna kuti munthu afike pa mdani wace, ndipo mfuti ya ciwaya siilola munthu kufika. Masabata owerengeka okha nkhondo inatha. Midzi inatenthedwa, anthu anabalalikira m'mapiri, ndipo ng'ombe zikwi zambiri zinatengedwa. Nsingo anagwidwa, anaweruzidwa ndi bwalo la asilikari, ndipo anamuombera kumayambiriro a February 1898.

Mpezeni, amene sanaifuna nkhondoyi, anaturuka kumene anabisala nadzipereka. Anamsunga ku Fort Manning, kumene lero kuchedwa Mcinji, monga caka cimodzi, ndipo atambweza kwao anamwalira m'caka ca 1900. Ufumu unagwera mdzukuru wace Chiloa, mwana wa Nsingo, akali mnyamata. Pakati pa dziko la Angoni Azungu anamanga mudzi wao wa Fort Jameson. Golidi amene anayembekeza sanampeza wocuruka, cotero kampani inatembenukira ku nthaka, nigulitsa minda kwa Azungu olima fodya ndi oweta ng'ombe. Anthu anakankhidwira m'malo opatulidwa, m'mene anapanikizana mpaka nthaka inaguga, ndipo Boma linagulanso dziko kwa kampaniyo m'caka ca 1941 kuti anthu apeze pokhala. Mwambo wa Ncwala, wa kulawa zakudya zatsopano, unaleka atagonja Angoni, ndipo unadzukanso m'caka ca 1980.

Apa pali cinthu coyenera kucisinkhasinkha. Nsingo analipira ndi moyo wace, ndipo palibe anganene kuti anatuma ena kukafa iye nakhala pa mthunzi. Cifukwa ca ici dzina lace lichulidwa ndi ulemu kum'mawa mpaka lero, monga munthu amene anakana kupereka dziko ndi manja awiri. Koma analipiranso amai ndi ana amene sanakhale nao pa upo, ndi nkhalamba zimene ng'ombe zao zinapita. Munthu wa mtima umodzi amasankha msanga, ndipo nthawi zambiri amaona zoona. Cimene amaiwala ndi kuwerenga anthu amene adzasenza naye katundu.

LEWANIKA, MUNTHU WOFUNSA

Tsopano tisiye kum'mawa, tiyende ulendo wautali kumadzulo, ku cigwa ca Zambezi, kumene funso lomwelo linafika pa mfumu yina m'zaka zomwezo. Lewanika, amene poyamba anachedwa Lubosi, analowa ufumu wa Alozi m'caka ca 1878. Mu 1884 nduna yace yina, Mataa, inamuukira nimpitikitsa, niika Akufuna pa mpando. Mu 1885 Lewanika anabwera ndi nkhondo natenganso ufumu wace. Cotero iye anadziwa kuti mpando wace uli ndi adani m'nyumba momwe. Kunja kunali Amandebele, amene anaoloka Zambezi kudzafunkha, ndi Apwitikizi amene anali kuyandikira kucokera kumadzulo.

Lewanika sanadikira kuti Azungu amfikire, ndipo sanasonkhanitsa nkhondo. Anayamba kufunsa. Anatuma mau kwa Khama, mfumu ya Amangwato, amene dziko lace linalowa pansi pa citetezo ca Angerezi mu 1885, kufunsa ngati iye ali wokondwa nao. Khama anayankha mombvomereza. Anafunsanso mmishoni wa Cifalansa, François Coillard, amene anakhala ku Sefula, ndipo mu 1889 Coillard anamlembera kalata yopempha citetezo ca Mfumukazi Victoria. Nkhaniyi anaiikanso pa bwalo la nduna, limene Alozi alicha kuta, ndipo kumeneko ambiri anaikana, poopa kuti mfumu yao idzasanduka kapitao wa mfumu yina. Pamene Frank Lochner, mthenga wa kampani ya Rhodes, anafika, anamdikiritsa miyezi, mpaka nduna za m'madera zitasonkhana ku Lealui. Atakambirana masiku angapo, cipangano cinalembedwa pa 27 June 1890. Kampani inalandira mphamvu ya kukumba miyala, ndipo inalonjeza citetezo, £2,000 caka ndi caka, masukulu, ndi Mzungu woimira Boma wokhala pafupi ndi mfumu.

Safunsa anadya phula, anatero makolo, ndipo Lewanika anafunsa ndithu. Koma taonani, ngakhale wofunsa amanyengedwa. Iye anayesa kuti wapangana ndi Mfumukazi, ndipo posacedwa anazindikira kuti wapangana ndi kampani ya malonda. Minyanga iwiri yaikuru imene anatumiza monga mphatso kwa Mfumukazi inakathera m'nyumba ya kampani ku London. Ndalama sizinabwera, masukulu sanamangidwa, ndipo woimira Boma, Robert Coryndon, anafika mu 1897, zitapita zaka 7. M'cipangano catsopano ca 1900 ndalama zija zinatsika kufika pa £850. Mu 1905 mfumu ya Italy, imene inapemphedwa kuweruza malire pakati pa Angerezi ndi Apwitikizi, inadula dera lalikuru la kumadzulo limene Lewanika analiyesa lace, nilipereka ku Angola.

Pa masiku oyamba a kukhumudwa kwace Lewanika anagwa m'yeso limene limagwera anthu onse ofunsa: anatembenukira aphungu ace. Anakwiyira Coillard namnena kuti ndiye anamsoceretsa, ndipo kwa kanthawi amishoni anakhala mwa mantha. Munthu amene wafunsa anthu khumi ali nao anthu khumi oti awaloze cala zinthu zikaipa. Koma mkwiyo utatsika, mfumu inaima pa cimene inasankha. Sinautsa nkhondo, ndipo inalimbana ndi kampani ndi makalata, ndi mithenga, ndi kukumbutsa malonjezo. Mu 1902 inapita ku England kukaona kubvekedwa ufumu kwa Edward VII. Mu 1906 inalengeza kutha kwa ukapolo m'dziko lace. Pomwalira mu 1916, mphamvu zace zambiri zinali zitapita kwa Azungu, koma mpando, bwalo la kuta ndi nthaka ya m'cigwa zinatsala m'manja mwa Alozi, ndipo midzi yao sinatenthedwa.

KODI WANZERU NDANI?

Mwina wina wa inu ali kunena kuti, tsono mlandu watha, Lewanika ndiye wanzeru, Nsingo ndiye wopusa. Tisafulumire. Ife tiri kuweruza titaona mathero, koma iwo anasankha kuli mdima. Ndiponso mabwalo ao anali osiyana. Dziko la Lewanika linali kutali, la madzi ndi mcenga ndi malungo, ndipo Azungu sanalikhumbira kukhalamo. Dziko la Mpezeni linali la mapiri ozizira, lodzala ng'ombe, ndipo mbiri inamveka ku London kuti muli golidi. Ngakhale Nsingo akadakhala cete, kampani inali nalo kale pepala la dzikolo m'thumba. Ufumu wa Angoni unaimanso pa nkhondo za caka ndi caka, zimene Boma la Azungu silikadalola; cotero kwa iwo kugonja mwamtendere kunatanthauza kuleka moyo umene anaudziwa. Pa anthu atatuwa palibe amene anali ndi njira yopulumutsa zonse. Ali yense anali kusankha cimene adzataya.

Cimene tingaphunzire ndi ici, kuti mcitidwe uli wonse uli ndi mphamvu yace ndi dzenje lace, ndipo munthu acita bwino kudziwa dzenje limene liri pafupi ndi phazi lace. Wodekha akumbukire kuti zengerezu analinda kwaukwau, ndi kuti akacedwa ena adzamsankhira, koma mlandu udzafikabe pakhomo pace. Wofulumira ayambe wawerenga mphamvu zace ndi anthu amene ali kumbuyo kwace. Wofunsa adziwe kuti aphungu amapereka mau okha, koma cala cimene cidinda pepala ndi cace.

Taonaninso kuti tsoka la Angoni linakula cifukwa wodekha ndi wofulumira, atate ndi mwana, sanamange mau amodzi. Mfumu inali kunena mtendere kwa alendo pamene mwana anali kunola nthungo. Akadasankha mtendere onse, kapena akadapulumutsa ng'ombe ndi midzi. Akadasankha nkhondo onse, akadaimenya kale, malinga asanamangidwe. Koma anagwira njira ziwiri nthawi imodzi, ndipo anatuta zowawa za njira zonse ziwiri. M'banja, mu mpingo kapena m'bungwe la alimi, anthu a mitima yosiyana ndi dalitso ngati akhala pansi namvana. Akapanda kutero, ali yense amaononga nchito ya mnzace.

KUSENZA ZIMENE WASANKHA

Patsala mau amodzi, ndiwo akuru koposa. Anthu atatuwa tiwakumbukira ndi ulemu ngakhale onse anataya zambiri, ndipo cifukwa cace nciani? Ndi cifukwa cakuti pa tsiku la kulipira anapezeka. Nsingo anafa imfa ya nkhondo imene anaiitana. Mpezeni akadatha kunena kuti, nkhondoyi si yanga, funsani anyamata. Koma iye ndiye anali mfumu, ndipo anapita kundende m'ukalamba wace cifukwa ca zimene zinacitika m'dziko lace. Mutu ukakula sulewa nkhonya. Lewanika, atatha kudandaula, anakhala zaka 26 akusenza cipangano cace, kucikonza pamene cinakhota ndi kupulumutsa zimene zikadapulumuka.

Ife lero sitifunsidwa za maufumu. Mafunso athu ndi ang'ono: kodi ndigulitse ng'ombe kuti mwana apite ku sukulu, kodi ndisiye munda ndikafune nchito ku migodi, kodi ndilole mwana wanga akwatiwe ndi uje, kodi ndidinde cala pa pepala la ngongole limene sindinalimvetse. Koma pa zing'onozing'ono zomwezi timamva anthu akuti, anandinyenga ndi mlamu wanga, kapena, ndinangotsata anzanga, kapena, ine sindinanene kanthu. Wina zikamkanika amathamangira kwa woombeza kukafuna amene wamlodza, osayamba wafunsa mtima wace ngati mbeu anabzala pa nthawi yace. Zoona, alipo onyenga, monga anamnyenga Lewanika, ndipo wonyenga ali ndi mlandu wace umene ayenera kuyankha. Koma munthu amene aika zolakwa zonse pa ena sadzaphunzira kanthu, pakuti m'maganizo mwace iye sanasankhepo ciri conse, ndipo caka ca mawa adzagwa m'dzenje lomwelo.

Cotero, abale anga, ngati muli odekha, dekhani, koma ikani tsiku limene mudzadula mau. Ngati muli a mtima wofulumira, gonani usiku umodzi, ndipo funsani mai wa kunyumba, pakuti iyenso adzadya zipatso zace. Ngati muli ofunsa, funsani amene alibe phindu pa yankho lanu, ndipo pepala liri lonse lipezereni munthu wokhulupirika akuwerengereni lonse musanadinde. Ndipo mutasankha, nenani poyera kuti, ndasankha ndine. Walira mvula walira matope.

Mukakhala pa bwalo kapena pa moto madzulo ano, kambiranani nkhaniyi ndi akuru a pamudzi panu, makamaka inu a kum'mawa amene makolo anu anaona nkhondo ya 1898, ndipo mufunsane kuti, mukadakhala nduna pa bwalo la Mpezeni m'mwezi uja wa December, mukadaima ndi atate kapena ndi mwana?